Funsani Amisiri: Regulator Imodzi Ingayendetse Mafani Angati?

Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala likakhwima kuchigwa cha Shire, kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Nsanje, Ngabu ndi Nchalo, ndipo mafani a kudenga sapuma usana ndi usiku. Nyengo yomweyi ndi imene makalata odandaula za ma regulator a pakhoma, aja osinthira liwiro la fani, amachuluka. Tasankhapo angapo, ndipo akuyankha ndi amisiri athu a zamagetsi.

Funso: Amisiri athu, m'tchalitchi mwathu tinamangirira mafani 6 a mainchesi 56. Pofuna kupulumutsa ndalama tinawalumikiza onse ku regulator imodzi ya manambala 1 mpaka 5, yomwe inabwera m'katoni pamodzi ndi fani. Yoyamba inanunkha kenako n'kusungunuka. Tinaika ina, nayonso yadetsa khoma ndi utsi. Chotidabwitsa n'chakuti breaker sinagwepo ngakhale kamodzi. Kodi tikugula katundu wachinyengo, kapena pali pomwe tikulakwitsa? Ndine mkulu wa mpingo, Ngabu.

Yankho: Bambo, choyamba zimitsani mafaniwo pa breaker ndipo musawayatsenso mpaka zitakonzedwa. Khoma likada ndi utsi ndiye kuti moto unali utayandikira kwambiri.

Katunduyo mwina alibe vuto lililonse. Regulator yobwera m'katoni la fani inapangidwira fani imodzi yokhayo. Mukaitembenuza n'kuyang'ana kumbuyo, kapena pakapepala kake, nthawi zambiri mupeza palembedwa 80W kapena 100W. Fani ya mainchesi 56 imadya pakati pa ma watt 60 ndi 80, ndipo nambala yeniyeni imakhala pakachikwangwani komatidwa pamwamba pa mota. Tiyeni titenge 75. Mafani 6 ndi ma watt 450. Magetsi a ESCOM m'nyumba zathu ndi ma volt 230, choncho 450 kugawa ndi 230 zikutipatsa pafupifupi ma amp 2. Regulator ya 100W imanyamula 0.43 ya amp. Mwaisenzetsa katundu woposa mlingo wake kanayi ndi theka.

Kutentha kwa pa timapazi ta mkuwa togundana m'kati mwa regulator sikukwera mofanana ndi mphamvu yodutsapo. Ma amp akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. Akachuluka kanayi, kutentha kumachuluka ka 16. N'chifukwa chake pulasitiki inasungunuka. Ngati regulator yanu ndi ija yolemera yokhala ndi koyilo ya waya wopyapyala wokulungidwa pachitsulo, zinthu zimaipa kwambiri pa nambala 1 ndi 2, chifukwa mafani akakhala ambiri, pafupifupi ma volt onse 230 amagwera pa koyiloyo, vanishi wa waya n'kupsa. Fungo lomwe munamva lija ndi la vanishi ameneyu.

Za breaker, anthu ambiri amaganiza kuti imateteza chilichonse cholumikizidwa kwa iyo. Ntchito yake ndi kuteteza waya wa m'khoma. Mzere wa mababu ndi mafani umakhala ndi breaker ya 6A kapena 10A. Ma amp 2 anu aja kwa iyo ndi ochepa kwambiri, ilibe chifukwa chogwera. Regulator itha kupsa mpaka kusanduka khala breaker ili chiimire, ndipo imadzagwa pokhapokha mawaya osendeka atagundana.

Njira imene timaikonda kwambiri ndi yakuti fani iliyonse ikhale ndi regulator yake. Muli nazo kale zinayi zotsala m'makatoni, mungogulapo ziwiri. Chimene chidzadye ndalama ndi waya, chifukwa fani iliyonse ikufunika waya wakewake wamoto wochokera pakhoma kukafika kudenga. Waya wa neutral ndi wa earth angathe kudumphira kuchoka pa fani ina kupita pa ina monga zilili pano. Ubwino wake ndi waukulu: regulator imodzi ikafa, mafani asanu akuzungulirabe, komanso pa msonkhano wa anthu ochepa mumayatsa awiri okha a kutsogolo.

Ngati mukufunabe kuti wosamalira tchalitchi azipotokola malo amodzi, gulani chowongolera chopangidwira mafani ambiri, chimene chalembedwa ma amp ake poonekera, monga 1.5A, 3A kapena 5A. Lamulo lathu ndi lakuti musachisenzetse kupitirira magawo atatu mwa anayi a mlingo wolembedwawo. Pa ma amp 2 anu, cha 3A chikukwana, pakuti magawo atatu mwa anayi a 3 ndi 2.25. Chabwinonso koposa ndi kugawa mafaniwo pawiri, atatu mbali ya amayi, atatu mbali ya abambo, gulu lililonse ndi chowongolera cha 1.5A. Pamitundu yonse, cha thiransifoma chokhala ndi masitepe asanu ndicho chabwino m'nyumba yopemphereramo. N'cholemera, n'chodula, chimafuna bokosi lake pakhoma, koma sichiliritsa mota ndipo sichitaya mphamvu zambiri.

Njira yotsika mtengo zedi ndi kuchotseratu regulator n'kusiya swichi wamba ya 10A, mafani aziyenda pa liwiro lonse. Kunja kukatentha monga kumachitira ku Ngabu, palibe amene amapempha nambala 1. Vuto lake ndi mphepo youluza masamba a Baibulo paguwa, choncho fani ya kuguwa yokhayo ipatseni regulator yake.

Ntchitoyi aigwire mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta. Mum'pemphe atsegulenso bokosi la pakhoma limene linapsalo, adule nsonga zonse za waya zomwe zada kapena zauma mpaka pofika mkuwa wowala, ndipo bokosi ngati ndi lapulasitiki alisinthe. Waya wowauka ukamangidwa pa regulator yatsopano sugwira bwino, ndipo umayambanso kutentha pomwepo.

Funso: Ndili ndi malo ogona alendo. Pabalaza pali mafani awiri ofanana pa regulator imodzi yaing'ono ya masitepe. Sinapsepo, ndipo sitentha kwenikweni. Koma pa 1 ndi pa 2 mafaniwo sazungulira mpaka mnyamata wantchito awakankhe ndi mtengo wa tsache. Pa 5 amathamanga bwinobwino. Kodi mota zayamba kutha? Ndine mayi wa ku Nchalo.

Yankho: Mayi, poti pa 5 akuthamanga bwino, mota zanu n'zamoyo. Regulator yanuyo ndi ya makapasita, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, ndipo imachepetsa liwiro m'njira yosiyana ndi ija ya koyilo. Mukapotokola pa 1, magetsi amadutsa kaye m'kapasita yaing'ono asanafike ku fani. Pa 2 ndi 3 amadutsa m'yokulirapo kapena m'ziwiri zophatikizana. Pa 5 makapasita onse amalambalalidwa, fani n'kulandira ma volt 230 athunthu.

Kapasita imalola mlingo wakutiwakuti kudutsa, osati zambiri kuposa pamenepo. Mwachitsanzo, ya 2.2µF (µF ndi muyezo wa kukula kwa kapasita) pa magetsi athu a 230V ndi 50Hz imadutsitsa pafupifupi 0.16 ya amp basi, ya 3.3µF pafupifupi 0.24. Opanga anasankha manambalawa poyerekeza ndi mota imodzi. Inu mwaikapo ziwiri, ndiye zikugawana kachakudya komwe kanali ka imodzi. Zili ngati ngalande imodzi yothirira dimba limodzi mutaipatutsira madimba awiri: madzi ochokera kumtsinje ndi omwewo, ndipo palibe dimba lokhuta. N'chifukwa chake regulator sikutentha koma mafani alibe mphamvu yoyambira.

Musalitenge ngati vuto laling'ono. Mota imene yaima koma magetsi akulowamo imasandutsa mphamvu yonseyo kukhala kutentha, ndipo palibe mphepo yoiziziritsa. Mlendo akasiya pa 1 n'kutuluka, mota zimakhala zikuwotcha mawaya ake mwakachetechete maola ambiri pansi pa malata otentha kale. Kukankha ndi mtengo nako kumapinda mapiko, ndipo phiko likapindika pang'ono chabe fani imayamba kugwedera n'kudya mabering'i. Pa 5 paja, timapazi ta regulator tikunyamula ma watt 150 pamene tinapangidwira 100 kapena kucheperapo, choncho tsiku lina nato tidzapsa.

Ikani regulator yachiwiri. Mafani awiri okha safuna chowongolera chodula. Pamene mukudikira mmisiri, uzani antchito kuti aziyamba pa 5 nthawi zonse, mafani akathamanga atsitse mpaka pa 3, osapitirira apo.

Ngati mutapatula ma regulator fani ina ikhalabe yaulesi, ngakhale pa 5, pamenepo ndiye muyang'ane kapasita ya fani yeniyeniyo, yomwe imakhala m'kachikho ka kumtunda kwa mota. Iyi ndi ina, yosiyana ndi za mu regulator, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza mota kuyamba ndi kukoka. Nthawi zambiri imakhala ya 2 mpaka 2.5µF, ya 400V kapena 450V, ndipo kutentha kumaifooketsa pang'onopang'ono. Ikatupa kapena kung'aluka, yatha. Isintheni ndi ya nambala yomweyo. Alipo amisiri oika ya 4µF kuti fani izithamanga kwambiri. Imathamangadi, koma koyilo yothandizira ya m'mota imalandira mphamvu yopyola mlingo ndipo moyo wa fani umafupika.

Funso: Akuluakulu, ine ndangomaliza kumene maphunziro a zamagetsi ndipo ndapatsidwa ntchito m'holo ina. Wogulitsa m'sitolo anandipatsa dimmer, chochepetsera mphamvu ya magetsi, yolembedwa 500W n'kunena kuti inyamula mafani 6 a 75W popanda vuto, poti 450 ndi yochepera 500. Ndalumikiza, mafani akuyenda koma akulira chapansipansi mosalekeza, makamaka ndikatsitsa liwiro, ndipo dimmer ikutentha. Kodi masamu awa alakwika pati? Komanso waya wa 1.5mm² akukwana? Ndine mmisiri wachinyamata, Bangula.

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanapereke ntchitoyo kwa eni ake. Masamu alakwika m'malo atatu.

Choyamba, yang'anani ngati chomwe munagulacho chalembedwa kuti ndi cha fani kapena cha mababu. Kunja zimafanana, m'kati monse muli kachipangizo kotchedwa triac, kotsegula ndi kutseka magetsi mofulumira kwambiri, koma 500W ya dimmer ya mababu inayezedwa ndi mababu a ulusi aja, amene magetsi amangodutsamo molunjika. Mota ili ndi makoyilo, ndipo mu koyilo ma amp amatsalira m'mbuyo mwa ma volt. Triac imayenera kuzima pamene ma amp afika pa ziro, ndiye kutsalirako kumaisokoneza. Nthawi zina imayatsa theka limodzi la funde la magetsi kuposa linzake, ndipo kusalinganako kumatenthetsa mota. Chowongolera cha fani chenicheni chimakhala ndi kapasita ndi resistor zoikidwa modutsa triac kuti zithetse vutoli, komanso kasikuluu kosinthira liwiro lotsikitsitsa. Dimmer ya mababu ilibe malo pa mota iliyonse, kaya ndi fani imodzi.

Kulirako kumachokera m'kagwiridwe ka triac. Magetsi athu amapanga mafunde 50 pa sekondi, kutanthauza matheka a funde 100. Triac imadula chiyambi cha theka lililonse kenako n'kutsegula mwadzidzidzi. Makoyilo ndi zitsulo za m'mota zimagunyuzidwa ka 100 pa sekondi, ndipo mukatsitsa liwiro kudulako kumakula, phokoso nalo n'kukula. Mafani 6 akamalirira pamodzi, siling'i ya mabolodi imalikulitsanso. Ngakhale chowongolera chabwino cha triac chimaliritsa pang'ono. Holo ikakhala ya misonkhano kapena mayeso, sankhani cha thiransifoma kapena ma regulator a makapasita, fani iliyonse yake.

Chachiwiri ndi malire. 450 pa 500 ndi 90 peresenti, ndipo simunasiye mpata wa poyambira. Mota ikamayamba imakoka mphamvu yoposa ya nthawi zonse, ndipo mapiko a mainchesi 56 amatenga masekondi angapo kuti afike pa liwiro lake. Komanso werengerani ma amp olembedwa pa fani osati ma watt okha, pakuti pa mota ma amp enieni amaposa pang'ono zomwe mumapeza mukagawa ma watt ndi 230. Pakalembedwa 0.35A, mafani 6 ndi 2.1A. Ngati muli ndi clamp meter, chopimira ma amp, pimani waya wamoto mafani onse ali pa liwiro lonse, ndipo nambala imeneyo ndiyo muyendere.

Chachitatu ndi kutentha kwa kwanuko, kumene wogulitsa sanakuwerengere. Triac imataya watt imodzi kapena imodzi ndi theka pa amp iliyonse yodutsa. Pa ma amp 2 ndiye ma watt 2 mpaka 3 otsekeredwa m'kabokosi ka m'khoma kopanda mpweya. Mlingo wolembedwa pa zipangizozi umayezedwa m'chipinda chozizirirapo kusiyana ndi holo ya malata ku Bangula masana a mu Novembala, makamaka ngati khomalo limawombedwa ndi dzuwa la kumadzulo. Mukaika zowongolera ziwiri kapena zitatu m'bokosi limodzi, chilichonse chimatenthetsa chinzake, ndipo opanga ambiri amalemba kuti mlingo utsitsidwe. Pa triac gwiritsani bokosi lachitsulo lakuya, lolumikizidwa ku earth, ndipo musapanikizemo mawaya otsala. Patatha ola limodzi mafani akuyenda, ikani kuseri kwa dzanja pachivundikiro. Kufunda n'kololedwa. Mukalephera kusiyapo dzanja, chalemedwa. Triac ikafa nthawi zambiri imagwirana m'kati, choncho mukadzaona mafani akuthamanga pa liwiro lonse osamvera kupotokola, dziwani kuti yapita.

Mukagula chowongolera choyenera, sinthani kasikuluu kaja motere: tsitsani liwiro mpaka pansi, zimitsani, dikirani mapiko aime, kenako yatsaninso. Fani iliyonse iyenera kuyamba yokha. Imodzi ikakana, kwezani kasikuluuko pang'ono n'kuyesanso mpaka yaulesi kwambiri itayamba. Siyaninso kampata pamwamba pake, chifukwa madzulo anthu akayatsa zophikira ma volt amatsika.

Waya wa 1.5mm² akukwana ndithu. Pa madigiri 30 amanyamula pafupifupi ma amp 14 mpaka 16 malinga ndi mmene waikidwira. Matebulo a BS 7671, buku la malamulo a mawaya la ku Britain, amati pa waya wa PVC muchulukitse ndi 0.87 pa madigiri 40, 0.79 pa 45, ndi 0.71 pa 50. Ngakhale m'denga mutafika 50, mwatsala ndi ma amp pafupifupi 10 kapena kuposa, pamene inu mukufuna 2. Kutsika kwa ma volt nakonso n'kochepa: pa 29mV pa amp pa mita, mamita 30 pa ma amp 2 sakufika ma volt 2. Chongosamala n'chakuti waya asagone pa malata, adutse m'paipi kapena amangidwe pa mitengo ya denga. Regulator imakhala pa waya wamoto, wabulauni kapena wofiira m'nyumba zakale, osati pa neutral. Ikakhala pa neutral, fani imaima koma mota imakhala ili ndi moto, ndipo wokwera kukapukuta fumbi akhoza kugwidwa.

Funso: Pasukulu pathu m'chipinda cha aphunzitsi muli fani yakale ya pa regulator. Tagula ina yatsopano ya rimoti, yomwe akuti imadya magetsi ochepa. Tingailumikize pa regulator yomweyo? Ndine mphunzitsi wamkulu, Nsanje.

Yankho: Ayi, aphunzitsi. Mafani a rimoti odya ma watt 28 mpaka 35 amakhala ndi mota ya mtundu wina yotchedwa BLDC, ndipo m'kati mwake muli kabolodi ka zamagetsi kamene kamafuna ma volt 230 athunthu kuti kokha kaziwongolera liwiro. Mukakadyetsa magetsi oduladula kapena ochepetsedwa, fani imayamba kudukiza, rimoti imasiya kumveredwa, ndipo kabolodiko kamatha kupsa. Itengereni moto pa swichi wamba, osadutsa pa regulator. N'chimodzimodzi ndi fani ya mota wamba yokhala ndi kabokosi kolandira rimoti kudenga.

Ngakhale mafani onse atakhala a mota wamba, osiyana kukula kapena mtundu sagwirizana pa chowongolera chimodzi. Wina amathamanga mnzake akukwawa, ndipo mukatsitsa kuti wothamangayo achepe, winayo amaima. Fani ikakhala ndi kachingwe kokoka kosinthira liwiro, kasiyeni pa liwiro lalikulu ngati pakhoma pali regulator. Ikakhala ndi babu, babulo lipatsidwe waya ndi swichi yakeyake.

Funso: Kwathu kuno ESCOM sinafike. Tili ndi sola, batire imodzi ya 100Ah ndi inverter, ndipo nthawi zina timaliza jenereta. Mafani atatu a kudenga amalira kwambiri pa inverter, regulator zimafunda, ndipo batire imatha tisanagone tulo. Titani? Ndine mlimi wa thonje, Chapananga.

Yankho: Bambo, onani zolembedwa pa inverter yanu. Zotsika mtengo zambiri ndi za modified sine wave, zomwe magetsi ake sakwera ndi kutsika mosalala koma modumpha. Kudumphako kumaliritsa mota ndi kuitenthetsa. Makapasita a mu regulator amavutika nako kwambiri, chifukwa kapasita imadutsitsa mphamvu yochuluka pamene ma volt asintha mwadzidzidzi. Zowongolera za triac nazo zimasokonezeka chifukwa zinapangidwira funde losalala. Mankhwala ake ndi inverter ya pure sine wave, yotulutsa funde losalala. Musanaipeze, yendetsani mafani pa 5 okha kapena achepetseni.

Za batire, masamu ake ndi awa. Ya 12V ndi 100Ah imasunga ma watt-hour 1,200, koma batire ya asidi simuyenera kuikhuthula kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye muli ndi 600. Mafani atatu a 75W ndi 225W, kuphatikiza zomwe inverter imataya yokha zikufika cha m'ma 260W. Amenewo ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Mafani atatu a BLDC a 30W, pamodzi ndi zotayika, akudya cha m'ma 100W, ndipo batire yomweyo ingakufikitseni maola pafupifupi 6. Pa sola, kusintha mafani kumapindulitsa kuposa kuwonjezera batire. Palinso mafani a 12V olumikiza ku batire mwachindunji, amene safuna inverter n'komwe, koma awa amafuna fyuzi pafupi ndi batire ndi waya wonenepa.

Pa jenereta, liwiro la fani limatsata liwiro la injini. Injini ikalemedwa n'kutsika, 50Hz ija imatsika, mafani n'kufooka. Zimitsani mafani musanalize kapena kuzimitsa jenereta, ndipo muwayatse injini ikakhazikika.

Funso: Madzi osefukira a namondwe Freddy mu Malichi 2023 analowa m'sitolo yanga mpaka kumiza maswichi ndi ma regulator awiri. Ataphwa tinaumitsa ndipo zinayambanso kugwira. Tsopano imodzi imathetheka ndikamapotokola, ndipo nambala 3 sigwira. Ndingathiremo mafuta? Ndine wamalonda, Makhanga.

Yankho: Musathiremo chilichonse, bambo. Mafuta amagwira fumbi, ndipo ena amayaka akakumana ndi kuthetheka. Madzi a Ruo ndi Shire akasefukira amabwera ndi matope osalala amene amalowa paliponse. Matopewo akauma amatsalira pa timapazi ta mkuwa, dzimbiri n'kuyamba, ndipo chinyezi chikabwerera nthawi ya dzinja amasanduka njira ya magetsi pakati pa mawaya. Kuthethekako ndi timapazi todyeka tomwe sitikugundana bwino, ndipo nambala 3 yafa chifukwa kapasita yake kapena phazi lake latha. Chilichonse chomwe chinamira, regulator, swichi ndi soketi, chichotsedwe, ngakhale chimene chikuoneka ngati chili bwino.

Mmisiri azimitse main switch, atsimikize ndi tesita kuti moto wachoka, kenako amasule zonse. Makapasita a mu regulator amatha kusunga moto kwa kanthawi, choncho asakhudze nsonga zake ndi zala atangozimitsa. Atsuke matope m'mabokosi a m'khoma, ayang'ane ngati m'mapaipi mulibe madzi kapena dothi, ndipo apime chikopa cha mawaya ngati sichikudontha magetsi ndi insulation tester ya 500V, mafani, mababu ndi ma regulator atachotsedwa pamzerewo. Zotsatira zisachepere 1 megohm, ndipo waya wabwino amaonetsa zambiri kuposa apo. Ayang'anenso ndodo ya earth panja, chifukwa madzi amakokolola dothi lozungulira ndipo kolumikizira kake kamachita dzimbiri.

M'mabokosi otere timapezamonso nyerere ndi mphemvu zitamanga, ndipo zinyalala zake zimayambitsa kuthetheka komweko. Mabowo osagwiritsidwa ntchito atsekedwe, chivundikiro chigwire khoma bwino. Poti dera lanu madzi amabwerabwera, pemphani kuti ma regulator atsopano akwezedwe pamwamba pa mzere umene madzi anasiya pakhoma, mawaya ake azitsika kuchokera kudenga osati kukwera kuchokera pansi. Pa bokosi la ma breaker aikepo RCD ya 30mA, swichi yodula magetsi akamadonthera pansi, ngati palibe, ndipo muzikanikiza batani lake loyesera miyezi itatu iliyonse kuti muone ngati ikugwa.